Nyuwere Imene Ndinali Pozitivi

Zainabu mwana wanga,

Wapita kumsika kukagula ndowa ndi loko wa chitseko cha nyumba imene sunaionepo n'komwe, ndiye ndapeza mpata wokulankhula popanda kudulidwa pakamwa. Kalatayi uipeza pa pilo. Uiwerenge yonse, osadumphadumpha ngati mmene unkachitira ndi manotsi anga a Bayoloje, kenako n'kumadabwa kuti mafunso a mayeso achokera kuti.

Lachisanu lapitali unadzagwada pakhonde n'kunena kuti, "Amayi, ndimati nditsanzike. Andiika ku chipatala cha ku Makanjira, ndinyamuka Lachiwiri pa lole." Ine ndinati, "Ndamva." Basi. Bambo ako anakuuza pomwepo kuti uyende bwino, mopepuka ngati akutsanzika munthu wopita kuchigayo. Ine mawu amenewo sindinawatulutse, ndipo ndikudziwa kuti ukuwadikira. Ndikudziwanso kuti unawauza bambo akowo kuti popanda mawu anga lole sukwera, ntchitoyo ipite ngati ikupita. Usadabwe kuti ndadziwa bwanji. Bambo ako chinsinsi amachisunga ngati mmene dengu limasungira madzi.

Lachiwiri lake ndi mawa, ndiye tiye tiuone mlanduwu bwinobwino. Ine ndinakubereka, ndinakulera, ndakuphunzitsa mpaka wavala zoyera, ndipo mwa anamwino onse a m'dziko muno, woyenera kupita kumene msewu umathera wapezeka kuti ndi mwana wanga mmodzi yekhayo wamkazi. Nthawi yake? Dzinja, milatho ikukokoloka, korona wabweranso. Matenda amenewa ali ngati mlendo amene anati agona usiku umodzi, koma iyi ndi Nyuwere yachiwiri ali pakhomo, ndipo wayamba kufunsa kumene timasunga mchere. Azimayi anzanga akulira kuti ana awo sakupeza ntchito. Ine ndikulira kuti wanga waipeza. Ukuona mmene wandisandutsira choseketsa?

Yankho langa lili kumapeto. Usathamangireko, ndikukudziwa. Uyambe wamva zimene mliriwu wandiphunzitsa, poti sukulu yake ndinalipira ndi ulemu wanga, ndipo banja limodzi lisalipire kawiri.

Choyamba, manja asakhale chabe. Sukulu zitatsekedwa ulendo woyamba uja, ndinayala mkeka pabalaza n'kukhala ndi foni kuyambira pemphero la swala ya m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Ndinkadziwa za maliro a kumayiko amene sindingathe kuwaloza pa mapu popanda magalasi. Uthenga uliwonse wobwera ndinkautumiza kwa ena, pamwamba nditalemba kuti "Tawerengani, n'zofunika." Mutu ukasowa chochita umadzilemba wokha ganyu, ndipo ganyu wa mutu wanga anali mantha. Tsiku lina ndinatsuka usipa wouma ndi sopo wa ufa, nditaganizira manja onse amene anaugwira kuchokera pa thandala loyanikira nsomba mpaka kumsika. Bambo ako anatapa kamodzi, n'kuyang'ana m'mbale.

"Amake Zainabu, ndiwozi zikuchita thovu."

"Ndiye kuti zayera," ndinatero ine.

"Zaka zonse ndagulitsa nsombazi, sindinamvepo kuti usipa umachapidwa ngati malaya."

Tsiku limenelo anagonera nthochi. Ndiye iwe ku Makanjira ukamakaweruka, nyumba ili zii, usamakagone chagada foni ili pamphuno. Ukasese, ukabzale mpiru kuseri, ukaphunzire kuphika nsomba mmene amaphikira kumeneko. Ngakhale kupalasa bwato ukaphunzire, ngati ungapeze wokuphunzitsa wa ndevu zoyera. Ndati wa ndevu zoyera, Zainabu. Usakati sunamve.

Koma kutanganidwa nako kuli ndi misala yake. Nditatopa ndi foni ndinatulutsa makina osokera a malemu agogo ako, n'kulengeza kuti ndisokera mamasiki mudzi wonse. Nsalu ndinali nayo, ija ya kampeni imene munthu wina wofuna uphungu anatigawira asanagwe chagada pa chisankho. Ndinadula mothamanga, nsalu ili chovundikira, osaitembenuza kuti ndione chimene chili kumaso kwake. Masiki yoyamba ndinapatsa bambo ako akuthamangira kumaliro a mkulu wina wa kumzikiti. Anaiponya m'thumba la mkanjo n'kukaivala atafika. Chimene tonse sitinaone n'chakuti pakati penipeni pa masikiyo panagwera pakamwa pa wofuna uphungu uja, mano onse pamtunda, kumwetulira kopempha voti. Bambo ako anaima pamanda, m'mwambamu maso achisoni, m'munsimu akuseka ndi mano a munthu wina. Mpaka mkulu wina anawakokera pambali.

"Che Bwanali, ngati panali chifukwa pakati pa inu ndi malemuwa, mukanadikira kaye tikwirire."

Anabwera kunyumba atainyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. "Amake Zainabu, taonani chimene mwandiveka." Ndinayang'ana, ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, koma chimene chinatuluka ndi chikhakhali. Iwe unalipo, unachita kutsetsereka pampando. Kanali koyamba kuseka m'nyumba muno chiyambire mliri, ndipo bambo akowo atakwiya mokwanira anasekanso. Ndiye umve: nsalu uziitembenuza usanadule. Ukafika kumeneko mutu uli wodzaza ndi za ku koleji, ndipo uzikafuna kukonza chipatala chonse sabata yoyamba. Ukayambe wafunsa chifukwa chake benchi ili pamene ilipo. Mwina pamene ukufuna kuiikapo pamadontha. Ndipo ukalakwitsa chinthu chosapha munthu, uziseka msanga anzako asanakuyambire.

Za kufukiza sindikanafuna kuzikumba, koma ndiwe namwino tsopano, uyenera kudziwa mtundu wa anthu amene uzikawalandira. Iwe unali utabwerera ku koleji. Nyanja inali yotseka, bambo ako alibe nsomba zotumiza ku Limbe, akungozungulira pabwalo n'kumalangiza nkhuku. Tsiku lina anatsokomola. Kamodzi. Munthu amene wakhala pa utsi wowambira nsomba kuyambira iwe usanabadwe, ndipo amatsokomola chimodzimodzi chaka ndi chaka. Ine ndinatereka mphika waukulu uja timaphikira pa sadaka, n'kuthiramo masamba a bulugama, mandimu, jinja, adyo, ndi tsabola pang'ono poti ndinawerenga penapake. Ndinawagwaditsa, ndinawafunditsa bulangete, ine n'kukhalira m'mphepete mwake kuti nthunzi isathawe. Nthunzi ndi iwo omwe.

"Ndikupsa ine!"

"Si inu, ndi kachilomboko kakupsa. Kokani mpweya."

"Kachilomboko kali ndi ndevu?"

Anatuluka ali ngati mlamba wowamba, mphuno itasupuka, ndipo sabata yonse ankandilankhula kudzera mwa nkhuku zija. Ndili pomwepo, iwo n'kumati, "Inu, kawauzeni aphunzitsi kuti tiyi wazirala." Aphunzitsi ake ndine, amene ndimaima kutsogolo kwa Folomu 4 n'kujambula pa bolodi mmene kachilombo kamalowera mu selo. Mantha salemekeza digiri, Zainabu. Ndiye gogo wina akakabwera mochedwa, akununkha bulugama, chithumwa chili m'chiuno, usakamukalipire pamaso pa anthu. Ukamukhazike pansi, ukamufunse modekha zimene wamwa kale, chifukwa ukamuchititsa manyazi mawa sabweranso, ndipo amene ali kumbuyo kwake pamzere abwerera naye. Lilime likayamba kuyabwa, ukakumbukire mayi ako atakhalira bulangete.

Tsopano nkhani imene tinakubisira. Nyuwere ya chaka chatha iwe unali mu wodi pa maphunziro ako, ndipo tinapangana ndi bambo ako kuti usamve. N'chinsinsi chokhacho chimene anasungapo, poti nawonso chinawakhudza. Ife Asilamu Nyuwere si chikondwerero chathu kwenikweni, koma kalendala ikasintha aliyense amafuna kunenapo kanthu. M'mawa wa tsikulo ndinadzuka ndi mtima watsopano. Ndinati basi, mantha ndathana nawo, chaka chino ndikhala munthu wolimbikitsa anzanga. Ndinatenga foni n'kulemba pa gulupu ya amayi a dawa, anzanga aja timasonkhana nawo kumzikiti. Ndinalemba chonchi:

"Asalamu alaikum amayi. Ndikudziwitseni kuti ine chaka chino ndachiyamba ndili pozitivi. Bambo kunyumba kuno ndawapatsira kale. Ndikufuna nonse mukhale pozitivi ngati ine, ndipo ndiyendera aliyense pakhomo pake."

Ine ndinkatanthauza pozitivi wa ku yunivesite, wa mumtima, woyang'ana kutsogolo. Ndinaiwala kuti kwathu kuno mawu amenewa munthu amawamva atakhala pampando wa kuchipatala, namwino atatseka chitseko n'kutsitsa mawu. Palibe anamvapo "pozitivi" n'kudzuka kuvina.

Uthengawo ndinautumiza. Kenako mmodzi analemba mawu aja timanena tikamva za maliro, ngati ndapita kale. Wina anatuluka mu gulupu, kuopa kuti mwina zimadutsa mu foni. Dzuwa lisanafike pamutu, mayi wogulitsa masamba anadutsa pageti pathu chothamanga, dengu likuvina pamutu, osaitana n'komwe. Bambo ako atapita ku swala anapeza mzere wonse ndi wawo ngati nduna. Azakhali ako a ku Namwera anaimba foni, osati kwa ine, kwa mchimwene wawo, kufunsa ngati ndinanenapo kuti makina osokera aja adzakhala a ndani. Azakhali ako omwewo, amene ndinawaperekeza kuchipatala pa mimba zawo zonse!

Ndinalembanso kufotokoza. Ndinafotokoza m'Chichewa, ndinafotokoza m'Chiyao, ndinaperekanso zitsanzo ngati m'kalasi. Yankho linali lakuti, "Musachite manyazi aphunzitsi, onse amayamba ndi kukana." Ndikamafotokoza kwambiri m'pamenenso ankakhulupirira kuti matenda akwera kumutu.

Ndiye panabwera munthu mmodzi: Abiti Imedi, wa kuseri kwa mpanda. Ukudziwa kuti ine ndi mayi ameneyu sitinkapatsana moni chichokere tsiku limene mbuzi yake inadya chinangwa changa, ine n'kuitchula dzina limene sindingalembe pano, iye n'kuganiza kuti ndikunena iyeyo. Ndinkanena onse awiri. M'mawa mwake ndinamva chitsulo chikugogoda pampanda.

"Aphunzitsi! Mwafa?"

"Sindinafe! Ndiponso sindikudwala!"

"Eya, pakamwa pokha m'pamoyo. Phala ilo ndapachika pa nthambi ya mango. Mbaleyo musabweze, muiotche."

"Ndati sindikudwala, Abiti Imedi!"

"Mumwe lisanazirale. Mawa ndidzafunsanso. Musafe osandiuza, mudakali ndi mlandu ndi mbuzi yanga."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja, ndi masiku otsatira, funso lili lomwelo. Lero phala la mpunga, mawa futali, tsiku lina mcheni wootcha ataupachika kunsonga kwa nsungwi ngati akudyetsa ng'ona. Ndipo ndikuuze zoona, patapita masiku ndinasiya kukana. Ndinkadzuka msanga, kusamba, kumanga mpango, n'kukhala pafupi ndi mpanda kudikira kuti andifunse ngati ndafa. Tinkakalipirana pang'ono, kenako n'kundiuza za mudzi wonse: amene wathawitsa mwana wa eni, amene ukonde wake walandidwa, amene wabwera ku Joni ndi wailesi koma wopanda nsapato. Mu mliri wonsewu palibe chinandilimbitsa mtima kuposa mwano wa mayi ameneyu. Anthu ataona kuti masabata adutsa ndikuyendabe, iye analengeza ponseponse kuti phala lake ndi limene landichiritsa. Mpaka lero sindinatsutse.

Pa nkhani imeneyi utolepo ziwiri. Chizungu cha ku koleji uzichisiya pakhomo pamodzi ndi nsapato zamatope. Usakauze munthu kuti "musangalale, muli negetivu," iye n'kupita kunyumba kukagawa mbuzi zake. Nena m'chilankhulo chimene mayi ake ankamukalipira nacho, kenako umufunse kuti akubwerezere chimene wamva. Chiyao chako n'chopunduka, ndikudziwa, ndi mlandu wanga, koma ukachilankhule chomwecho. Akakuseka sabata imodzi, kenako akakukonda. Chachiwiri ndiye chachikulu: ukapeze Abiti Imedi wako. Sindikunena mnzako wokutamanda tsitsi. Ndikunena munthu amene akaona chitseko chako chili chotseka dzuwa litakwera, agogoda n'kukutukwana. Ukamupeze sabata yoyamba yomwe. Ngati njira yake ndi kuyambana naye kaye chifukwa cha mbuzi, ukayambane naye. Ukumva, Zainabu?

Tsopano ndikuuze chifukwa chake Lachisanu ndinangoti "Ndamva." Mwezi womwewo, ine ndikunenepa ndi phala la matenda amene ndinalibe, mphunzitsi mnzanga wa Masamu uja, amene ankakutcha "adokotala" uli wamng'ono, ankadwala zenizeni. Ankakhala yekha kunyumba za aphunzitsi. Aliyense womuimbira ankamuyankha kuti, "Ndili bwino, ndi kamalungo chabe." Ine wosadwala mudzi wonse unandidziwa. Iye wodwala palibe anadziwa, mpaka pamene foni inayamba kungolira. Tinamuperekeza kumanda titaima patalipatali ngati mapolo a magetsi, osagwirana ngakhale dzanja.

Ndipo iwe, Zainabu, ndiwe wa "ndili bwino." Uli Sitandade 5 unagwa mu mtengo wa bwemba n'kuthyoka mkono, ndipo unabisa tsiku lonse. Ndinadziwira poona mwana wa Chisilamu akudya ndi dzanja lamanzere. Ndikufunsa, iwe misozi ili mbwembwembwe, "Ndili bwino amayi." Sunasinthe. Msewu sindikuuopa kwambiri. Kachilombo ndikukaopa pang'ono, koma katemera unabayitsa, ndipo kusamba m'manja unachita kulembera mayeso. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi pakamwa pako potsekapo, uli kutsidya kwa nyanja, kumene foni imagwira netiweki ya ku Mozambique mphepo ikangotembenuka.

Ndiye mawu akuti "ndili bwino" ndakulanda. Uwasiye pano, ndikusungira, udzawatenga pa holide. Ndikaimba foni uzindiuza chimene wadya, amene wakukwiyitsa, ndi mmene denga likudonthera. Ukatopa unene kuti ndatopa. Wodwala akakutsikira m'manja, ndipo tsiku limenelo lidzafika, usadzadzitsekere m'nyumba. Udzaimbe, udzalire, ine ndidzangogwira foni osakulangiza chilichonse, ngakhale zimenezo zidzandipweteka kuposa dzino. Ukadwala ndikhale woyamba kumva, m'Chichewa chomveka, ndipo ndidzakwera lole yomweyo, pamwamba pa matumba a feteleza, ndi digiri yanga yonse. Usadzandiyese. Anthu a ku Makanjira sanandilakwire kanthu.

Zina n'zazing'ono. Swala usaisiye chifukwa cha ntchito. Masiki uzivala yogula, osati yosoka ine. Madzi uziwiritsa. Wina akakuuza kuti ali ndi boti la injini ndipo mkazi wake anapita kwawo, umufunse kuti anapita liti ndipo abwera liti. Malonjezo a Nyuwere usachulutse: ine chaka chino ndalonjeza chimodzi chokha, kuti ndisanatumize uthenga pa gulupu ndiziyamba ndawawerengera bambo ako mokweza.

Kukusunga pano ndingathe. N'kosavuta: ndingokhala chete mpaka lole idutse pa mlatho. Ndiye uzikhala pakhonde pano ndi satifiketi yako, ukundiyang'ana mwaulemu, ulemu wako uja wopweteka kuposa mwano, pamene ku Makanjira mayi wina woyembekezera akuchira ndi tochi ya foni popanda womugwira dzanja. Ndaganiza zimenezi masiku onsewa, ndayesa kuzitsutsa, ndipo ine wosagonja pa mkangano ndalephera. Sindinakuphunzitse kuti uziyeza kuthamanga kwa magazi a ine ndekha.

Pakamwa sinditha kunena, chifukwa ndikayamba ndilira, ndipo kulira mu masiki n'konyansa, aliyense amene anayesapo akudziwa. Mawa kudepoti ndikakhala ndikukalipira kondakitala za mmene wamangira katundu wako. Usakandiyang'ane kumaso. Ulandire pompano, polemba, kuti usadzati sindinanene.

Uyende bwino, mwanangu. Allah akutsogolere, akusunge, akubweze ndi thupi lako lonse. Ndakulola ndi mtima wanga wonse, ngakhale mtimawo ukung'ung'udza.

Ukamaliza kuwerenga usabwere kudzagwada, ndipo usabwere kudzathokoza. Ubwere kukhitchini ndi mpeni wakuthwa. Tambala wamkulu uja bambo ako azinga kale, akufunika kusosola. Ndi kamba wako wa paulendo.

Ndine mayi ako,
amene sanasiye kudandaula, wangosiya kukaniza.